Mwana anasiyira sukulu panjira koma akufuna satifiketi: zoyenera kuchita kuno ku Zomba

Zotsatira za mayeso zikangotuluka, m'makomo ambiri ku Chinamwali, ku Matawale, ku Jali ndi ku Chingale mumamveka mawu amodzimodzi: "Chaka cha mawa ameneyu abwerera kusukulu." Chaka cha mawacho chimafika mwana ali pakhomo pomwepo. Ena amayesetsa ndithu. Amagula makope, amalipira mphunzitsi wapadera, mwana n'kumawerenga mpaka pakati pa usiku, koma mayeso atayandikira amauzidwa kuti dzina lake kulibe chifukwa kalembera anatsekedwa kalekale. Ena amakapereka mnyamata kwa mmisiri, ndipo patapita zaka ziwiri chimene akudziwa ndi kupala matabwa ndi kutumidwa kukagula misomali.

Pamene pamalakwika ndi poyambira. Timathamangira mabuku tisanayankhe funso ili: pamapeto pake mwanayu adzayesedwa ndi ndani, kuti, liti, ndipo adzalandira pepala lanji? Yankho la funso limeneli ndi limene limakuuzani buku loti mugule, ndalama zoti musunge ndi tsiku loti muyambe. Malangizowa ndi a makolo, amalume, azakhali, anganga ndi aliyense amene akusunga wachinyamata amene sali pasukulu. Wachinyamata amene akudziyendetsera yekha zinthu akhozanso kuwatsata.

Sonkhanitsani izi musanapite kulikonse

- Lipoti lomaliza la kusukulu, kapena kalata yochokera kwa mphunzitsi wamkulu yonena kalasi imene mwana analekezera
- Satifiketi iliyonse imene ali nayo, ya Sitandade 8 kapena ya JCE, ngakhalenso kapepala ka zotsatira za MSCE ngati analembapo n'kulephera
- Chiphaso cha unzika ngati wakwanitsa zaka 16, apo ayi kalata ya kubadwa kapena buku lake la kuchipatala
- Envulopu ya pulasitiki yosungiramo zonsezi, chifukwa mvula ndi chiswe sizisankha pepala
- Kope limodzi lachikuto cholimba lolembamo masiku, malisiti ndi mayina a maofesi. Kope limeneli lisasakanikirane ndi la notsi
- Makope, zolembera, pensulo, rula, seti ya masamu ndi kakyuleta
- Nyali ya sola kapena tochi yodalirika
- Foni imene ili ndi Airtel Money kapena Mpamba, ya munthu wamkulu wokhulupirika

Mabuku sindinawaike dala. Adikire mpaka sitepe yachisanu.

1. Dziwani chimene chinamuchotsa kusukulu

Khalani naye awiriwiri, osati pamaso pa abale ake. Musayambe ndi "Iwe, ukufuna kudzakhala ndani?" Funsani kuti, "Tandiuza, chinavuta n'chiyani kwenikweni?" Kenako khalani chete kuti ayankhule.

Mayankho amasiyana, ndipo yankho lililonse lili ndi njira yake. Ngati inali fizi, nkhani ndi ya ndalama ndipo mukhoza kuiwerengera. Ngati inali mimba, funso loyamba ndi lakuti khanda lizitsala ndi ndani. Ngati ndi mnyamata amene anazolowera ndalama za kabaza kapena za usodzi ku Kachulu, dziwani kuti simungamulande ndalama ya tsiku ndi tsiku n'kumupatsa kope lokha: ndandanda yake iyenera kumusiyira nthawi yogwirako ntchito. Pali ena amene sanena poyera kuti ankangokhala m'kalasi osamva kanthu, mwina chifukwa cha maso, makutu, kapena chifukwa Chingerezi chinawasiya ali Sitandade 5.

Chenjezo: mwana akatchula kuti wina ankamuvutitsa, kumugwiririra kapena kumukakamiza banja, imani kaye pomwepo. Nkhani imeneyo ndi yoyamba kuposa mayeso. Nambala ya 116 ndi yaulere yothandiza ana, ndipo bungwe la YONECO, limene likulu lake lili konkuno ku Zomba, limagwira ntchito imeneyi. Malamulo a dziko lino salola ukwati kwa munthu wosakwana zaka 18.

2. Muyeseni kunyumba, musadalire kalasi imene akutchula

"Ndinalekeza Fomu 3" sizitanthauza kuti mutu uli pa Fomu 3. Zaka zitatu zokhala pakhomo zimafufuta zambiri.

Mupatseni ndime imodzi ya Chichewa awerenge mokweza, kenako atseke buku akuuzeni zimene wamva. Chitaninso chimodzimodzi ndi nkhani yaifupi ya Chingerezi ya m'nyuzipepala. Mupempheni alembe kalata ya mizere khumi m'Chingerezi yopempha ntchito. Pa masamu, yambani ndi za kumsika: wagula zinthu zitatu, wapereka K5,000, chenji ndi zingati? Akakhoza, kwerani ku mafulakishoni ndi maperesenti. Ngati inuyo simungathe kuchonga, pemphani mphunzitsi wapafupi kapena wophunzira wa ku koleji wa m'dera lanu.

Chingerezi muchione mwapadera. Mayeso onse a MSCE, kupatula a zilankhulo ngati Chichewa, amafunsidwa ndi kuyankhidwa m'Chingerezi, ndipo wolephera Chingerezi salandira satifiketi ngakhale atakhoza bwino zina zonse. Mwana amene sangathe kufotokoza ndime ya m'nyuzipepala asathamangitsidwe kukalemba chaka chomwecho. Mupatseni zaka ziwiri. Zimawawa kumva, koma n'zotchipa kusiyana ndi kulipira mayeso kawiri.

3. Sankhani khomo limodzi lolowera

Makomo alipo angapo ndipo si ofanana.

Loyamba ndi kubwerera kusukulu imene anachoka. Kuyambira 1993 boma limalola mtsikana amene anasiya chifukwa cha mimba kubwereranso akabereka. Ambiri sadziwa kuti umenewu ndi ufulu wake, amayesa ndi chifundo cha aphunzitsi. Lembani kalata kwa mphunzitsi wamkulu, ndipo ngati mukuchita manyazi kupita nokha, gulu la amayi la pasukulupo lilipo chifukwa cha nkhani ngati zimenezi. Mtsikana akamaopa kusekedwa ndi anzake akale, pemphani kalata yosamukira kusukulu ina.

Lachiwiri ndi la amene sanamalize pulayimale. Unduna wa Zamaphunziro uli ndi maphunziro otchedwa Complementary Basic Education, ambiri amangoti CBE, a ana oyambira zaka 9 amene sanayambe sukulu kapena anasiyira m'makalasi a m'munsi. Amaphunzira maola ochepa patsiku pafupi ndi kwawo, cholinga chili chakuti adziwe kuwerenga, kulemba ndi masamu, ndipo amene angathe abwerere kupulayimale. Malo amenewa sapezeka m'mudzi uliwonse, choncho kafunseni kwa a PEA, mlangizi wa sukulu za pulayimale, ku TDC, imene ndi ofesi ya aphunzitsi ya zoni yanu. Kwa wamkulu amene sangakhalenso pansi ndi ana, kuli sukulu ya kwacha, imene amayang'anira ndi alangizi a zachitukuko cha m'madera.

Lachitatu ndi sukulu ya open, imene achikulire amaitchabe kuti naiti ngakhale kuti masiku ano makalasi ambiri amachitika masana, ophunzira a m'mawa akaweruka. Sukulu zimenezi zimakhala m'makalasi a sekondale za boma ndipo zili pansi pa Malawi College of Distance Education. Sipafunika kusankhidwa, umalipira fizi n'kulowa. Ubwino wake ndi woti silabasi ndi yomweyo, aphunzitsi nthawi zambiri ndi omwewo, ndipo kulembetsa mayeso kumachitikira pomwepo. Kuipa kwake ndi koti makalasi amadzadza, maola ndi ochepa, ndipo mphunzitsi amafika atatopa kale. Wolowa open asayembekezere kudyetsedwa zonse. Theka la ntchito ndi la kunyumba.

Lachinayi ndi kuwerenga pawekha n'kukalemba ngati external. Njira imeneyi imayenera munthu amene anafika kale Fomu 4 ndipo akungofuna kukonza magiredi. Kwa amene analekeza Fomu 2, ine sindimulimbikitsa, pokhapokha ali ndi gulu lolimba ndi mphunzitsi womuyang'anira.

Lachisanu ndi ntchito zamanja. Za zimenezi onani sitepe 9.

Chenjezo: musatsegule makomo awiri nthawi imodzi m'chaka choyamba. Open masana, ukalipentala m'mawa, kumunda Loweruka, mapeto ake palibe chimene chimapsa.

4. Pitani nokha kukafunsa, ndipo lembetsani mayeso msanga

Apa ndi pamene ambiri amagwera, choncho tikhalapo pang'ono.

Ife a ku Zomba tili ndi mwayi umene anzathu a ku Chitipa ndi ku Nsanje alibe. Likulu la MANEB, bungwe loyendetsa mayeso m'dziko muno, lili mumzinda mwathu momwemuno. Ofesi ya maphunziro ya chigawo cha kummwera chakummawa ilinso konkuno, pamodzi ndi maofesi a maphunziro a mumzinda ndi a kumudzi. Komabe mudzapeza kholo la ku Sadzi likudalira zimene lamva pa WhatsApp, ofesi ili mtunda wa kabaza. Safunsa anadya phula.

Yambirani pasukulu imene mukufuna kuti mwana adzalembere. Valani bwino, tengani envulopu ija ndi kope lija, mwanayo akhale nanu. Mukhoza kuyamba chonchi: "Zikomo aphunzitsi, ndabwera ndi mwana wa achemwali anga. Analekeza Fomu 3, ndiye timafuna mutithandize nzeru kuti angalembe bwanji mayeso." Kenako funsani mafunso awa, mayankho ake mulembe:

Kodi sukulu ino ndi senta yovomerezeka ndi MANEB, ndipo nambala ya senta ndi chiyani? Mumalandira ma external? Kalembera atsegulidwa liti ndipo atsekedwa liti? Ndalama ya MANEB ndi zingati pa phunziro lililonse, nanga yapasukulu pano ndi zingati? Pakufunika mapepala ati? Mayeso a mu labotale adzachitikira kuti? Ngati mwanayo analembapo MSCE, funsaninso ngati magiredi akalewo angaphatikizidwe ndi atsopano, kuti mudziwe ngati akubwereza maphunziro onse kapena ochepa. Funso lomalizali, ngati yankho la pasukulu silikukhutiritsani, kalifunseni ku MANEB.

Kumbukirani kuti kalembera amachitika miyezi yambiri mayeso asanafike, nthawi zambiri chaka cha sukulu chikangoyamba kumene. Mayeso a MSCE amalembedwa m'nyengo yozizira, cha pakati pa chaka, koma dzina limalowa kale mvula isanakhazikike kapena ili mkati. Imeneyi ndi nthawi yomweyo imene ndalama zonse za pakhomo zathawira ku feteleza. N'chifukwa chake ndalama ya mayeso iyenera kupatulidwa pa nthawi yokolola, pogulitsa mpunga, nandolo kapena chimanga, osati kusakidwa kalembera atatsala sabata imodzi.

Masiku ano kulembetsa kumachitika pa kompyuta, ndipo ndalama ya mayeso imalipiridwa kubanki kapena pa foni pogwiritsa ntchito nambala imene wophunzira wapatsidwa. Njira imeneyi inabwera pofuna kuthetsa vuto la ana amene ankapereka ndalama m'manja mwa munthu, tsiku la mayeso n'kupezeka kuti sizinafike. Choncho musapereke ndalama ya MANEB kwa munthu aliyense amene akuti "ndikakulipirirani." Lipirani nokha. Uthenga wotsimikiza ukabwera pa foni musaufufute, ndipo nambala yake muikopere m'kope lija. Lisiti ya kubanki muijambulitse.

Pakapita nthawi sukulu imaitana ophunzira kuti adzaone ngati zonse zinalembedwa bwino. Tsiku limeneli mwana asajombe ngakhale kutakhala ganyu ya ndalama zambiri. Aone kalembedwe ka dzina chilembo ndi chilembo, tsiku lobadwa, chithunzi, ndi maphunziro amene analembetsa. Dzina likhale lofanana ndi la pa chiphaso cha unzika. Kuno kwathu mwana mmodzi amatha kukhala ndi dzina la kusukulu, la kumzikiti kapena kutchalitchi, ndi la bambo omupeza. Satifiketi ikatuluka ndi dzina losiyana ndi la pa chiphaso, kukonzetsa kwake ndi ulendo wautali.

Ngati mwana ali ndi vuto la maso, makutu kapena ulumali wina, nenani pa nthawi ya kalembera yomweyi kuti akonzeredwe mapepala oyenera. Kunena m'mawa wa tsiku la mayeso sikuthandiza.

Kanthu kena: mayeso a JCE anaimitsidwa pambuyo pa 2016 ndipo anabwereranso mu 2021. Amene anadutsa Fomu 2 m'zaka za pakatizo alibe satifiketi ya JCE, osati chifukwa cholephera. Wotere atenge kalata ya kusukulu yake yakale.

5. Sankhani maphunziro, kenako gulani mabuku

Magiredi a MSCE amayambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, 9 ndi kulephera. Njira yodziwika yopezera satifiketi ndi kukhoza maphunziro asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, limodzi mwa iwo likhale credit. Wofuna yunivesite ya boma amafunika ma credit asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo.

Kwa munthu wowerenga kunja kwa sukulu, maphunziro 7 ndi okwanira, akachuluka 8. Limodzi lapamwambalo ndi lodzitetezera. Kulembetsa 10 ndi kumwaza ndalama ndi nthawi. Chingerezi ndi masamu zisasowe, chifukwa makoleji ambiri, ngakhale a ntchito zamanja, amazifunsa.

Samalani ndi Biology, Physics, Chemistry ndi Agriculture. Maphunzirowa ali ndi pepala lochita ndi manja, ndipo munthu amene sanagwirepo zipangizo za mu labotale amanjenjemera tsiku la mayeso. Mwana akawasankha, gwirizanani ndi sukulu kuti azilowako mu labotale ngakhale kamodzi pamwezi.

Tsopano mabuku. Pemphani silabasi ya phunziro lililonse ndi mndandanda wa mabuku ovomerezeka. Silabasi imakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, ndipo imasintha. Mwachitsanzo, Physical Science imene akuluakulu ake anaphunzira inagawidwa kukhala Physics ndi Chemistry. Mabuku a nthano, ndakatulo ndi masewero a Chichewa ndi Chingerezi nawonso amasinthidwa pakapita zaka. Notsi za achimwene ake za zaka khumi zapitazo zikhoza kumuphunzitsa mwana buku limene silidzafunsidwa n'komwe. Musanagule buku lakale pamsika, liyerekezeni ndi mndandanda uja. Amene ali pafupi ndi tauni akalembetse ku laibulale ya National Library Service, kumene kulinso malo a phee owerengera.

6. Konzani ndandanda kuchokera pa tsiku la mayeso kubwerera m'mbuyo

Tengani kalendala. Chongani mwezi wa mayeso. Miyezi iwiri yomaliza mayeso asanayambe muipatule kuti ikhale yobwereza ndi kuyankha mapepala akale basi. Miyezi yotsalayo muigawire mitu ya mu silabasi, ndipo mutu uliwonse ukatha uchongedwe.

Ndandanda ilemekeze moyo weniweni wa pakhomo. Kuyambira Disembala mpaka Febuluwale kuli kupalira ndi kubandira, ndipo ku Domasi ndi ku Likangala kuli kuwokera mpunga. Miyezi imeneyi ikani mitu yochepa. Tsiku la msika wa kwanuko, kaya ndi ku Thondwe, ku Songani kapena ku Mayaka, ngati mwana amagulitsa, lisiyeni lopanda kanthu. Lachisanu masana kwa Asilamu, Loweruka kapena Lamulungu kwa Akhristu, chimodzimodzi.

Maola awiri tsiku lililonse amaposa maola khumi a tsiku limodzi. Nthawi yabwino kwa ambiri ndi m'mamawa ntchito zisanayambe, mutu usanatope. Masamu akhale a tsiku ndi tsiku, ngakhale mafunso asanu okha.

Chenjezo kwa makolo a mwana wamkazi: ngati ndiye wotunga madzi, wophika, wochapa ndi wolera, ndandandayo ndi yabodza. Gawani ntchito poyera pamaso pa onse a pakhomo, anyamata amve nawo. "Kuyambira 2 koloko mpaka 4 koloko achemwali anu asatumidwe." Mawu amenewa anene ndi mwini khomo.

7. Pezani anzake owerenga nawo

Wowerenga yekha amagwa ulesi mwezi wachiwiri. Gulu labwino ndi la anthu anayi mpaka asanu ndi mmodzi amene akulemba mayeso amodzi chaka chimodzi. Likaposa apo limasanduka bwalo la nkhani za mpira.

Malo akhale odziwika ndi a poyera: kalasi ya pulayimale ana akaweruka, chipinda cha kutchalitchi kapena kumadrasa, khonde la munthu wamkulu wolemekezeka. Kapempheni kwa eni ake, ndipo kumudzi adziwitseni amfumu, kuti mawa pasadzabuke nkhani yoti anyamata ndi atsikana akusonkhana mosadziwika. Azimaliza dzuwa lisanalowe.

Aliyense apatsidwe mutu woti akakonzekere n'kudzaphunzitsa anzake. Pofotokozera ena m'pamene munthu amazindikira kuti sanamve. Mafunso amene onse alephera alembedwe pa tsamba limodzi, ndipo kamodzi pa sabata apite nawo kwa mphunzitsi. Zomba ili ndi ophunzira ambiri a ku University of Malawi, imene tonse timaitchabe Chanco, ndi a ku Domasi College of Education, ndipo ambiri amakhala m'makomo a lendi ku Chikanda ndi madera oyandikira. Gulu likasonkherana likhoza kupeza mmodzi woti azibwera Loweruka. Gwirizanani za malipiro poyamba, muzilipira pakutha pa mwezi osati patsogolo, ndipo muonetseni silabasi. Wophunzira wa ku yunivesite amadziwa zambiri, koma akhoza kuphunzitsa zimene MANEB sifunsa. Asamaphunzitse mtsikana yekha m'chipinda chotseka.

Za foni ndinene mwachidule. Imathandiza potumizirana mapepala akale ndi notsi, koma tsitsani zofunikazo, zimitsani data, kenako werengani.

8. Azidziyesa ngati ali m'chipinda cha mayeso

Kamodzi pa sabata, tengani pepala la mayeso a chaka chapita. Mabuku atsekedwe, foni ichoke, wotchi ikhale patsogolo, nthawi ikhale yomweyo imene yalembedwa pamwamba pa pepalalo. Nthawi ikatha cholembera pansi, ngakhale chiganizo chili pakati.

Wochonga asakhale mwini wake. Malikisi alembedwe kumapeto kwa kope lija kuti muziona ngati akukwera. Phunziro limene lakhala pansi miyezi itatu yotsatizana lipatsidwe maola a m'mawa. Ana ambiri a open ndi ma external salephera chifukwa chosadziwa, koma chifukwa dzanja linaiwala kulemba maola awiri osapuma, ndipo amathera nthawi pa funso loyamba. Ngati sukulu ikulola, alembe nawo mayeso a moko.

9. Ngati wasankha ntchito zamanja

Funso lija silisintha: adzamuyesa ndani? Makoleji akuluakulu ngati Nasawa Technical College nthawi zambiri amafuna MSCE, ndipo malo amalengezedwa kudzera ku TEVETA, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja. Wopanda MSCE asataye mtima. Akhoza kuphunzira kwa mmisiri, kaya ndi telala, kalipentala, makaniko, wowotcherera zitsulo, womanga kapena wa zamagetsi, kenako n'kukayesedwa.  TEVETA ilinso ndi njira yoyesa ndi kupereka satifiketi kwa munthu amene luso analiphunzirira pa ntchito. Kafunseni ku ofesi ya zantchito ya boma musanamupereke mwana, kuti mudziwe zimene adzafunsidwe.

Posankha mmisiri, musaone kukula kwa chikwangwani. Onani ngati pamalopo pamabwera ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo funsani kuti amene anaphunzira pamenepo kale ali kuti lero. Mukagwirizana, lembani pa pepala pamaso pa mboni: miyezi ingati, malipiro ndi angati, zipangizo agula ndani, chakudya cha masana ndi cha ndani, ndipo pakutha pa miyezi itatu iliyonse mwana akhale atadziwa chiyani. Kwa telala mwachitsanzo: kupalasa makina ndi kusoka mzere wowongoka, kenako kuyeza ndi kudula, kenako yunifolomu yathunthu. Popanda pepala limeneli mwana amasanduka wantchito waulere.

Mwana akhale ndi kope lojambulamo ndi kulembamo miyezo ya chilichonse chimene wapanga. Masamu asawasiye, chifukwa tepi ndi sikweya zimafuna munthu wodziwa mamilimita. Wowotcherera asagwire ntchito popanda galasi la kumaso, ngakhale abwana ake atamaseka kuti iwo anazolowera. Malamulo a zantchito salola kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo wosakwana 18 sayenera kupatsidwa ntchito yoika moyo wake pachiswe.

10. Mwezi womaliza

Katengeni chiphaso cha mayeso ndi ndandanda ya MANEB zikangofika, ndipo ndandandayo muikope kawiri, ina ikhale pakhoma. Mwana akaone chipinda chimene adzalembere, chifukwa nthawi zina senta yolembera imakhala sukulu ina yoyandikana nayo. Ndalama ya kabaza kapena minibasi ya masiku onse a mayeso ipatulidwe. Wochokera kutali, monga ku Chingale kuseri kwa phiri, apezeretu kwa wachibale kogona. Foni isalowe m'chipinda cha mayeso.

Zolakwika zimene zimabwerezedwa chaka ndi chaka

Kulipira sukulu yosavomerezeka. Pali timasukulu timene timatsegulidwa m'nyumba ya lendi, bolodi ndi mabenchi zili bwinobwino, koma nambala ya senta palibe. Kuphunzira kumeneko si mlandu, koma dziwani kumene dzina la mwana likalembetsedwe, ndipo mukatsimikize nokha.

Kumuika mwana kalasi yapamwamba chifukwa cha msinkhu. Mnyamata wa ndevu amakana Fomu 2, makolo n'kumugonjera. Sitepe yachiwiri ija ndi imene iyenera kugamula, osati ndevu.

Kuthawa masamu ndi Chingerezi n'kumaloweza notsi za maphunziro osavuta. Mwana amaoneka wakhama, kope lili m'manja tsiku lonse, koma akuwerenga zimene akuzidziwa kale.

Kumukumbutsa zakale. "Ukanamvera ukanakhala utamaliza." Mawu amenewa abweza ana ambiri pakhomo kuposa kusowa kwa fizi. Mtsikana amene wabwerera ali ndi khanda akuwamva kale kunjira, asawamvenso kunyumba.

Kusiya zonse m'manja mwa mwana. Kholo limene silinaphunzire limaganiza kuti palibe chimene lingachite. Likhoza kufunsa Lamulungu lililonse madzulo kuti, "Tandionetsa zimene wachonga sabata ino," n'kuwerenga zochongazo. Kuwerenga zochonga sikufuna Chingerezi.

Kugula likasa. Mayeso akayandikira pamatuluka anthu pa WhatsApp ogulitsa mapepala amene amati ndi enieni. Ambiri mwa mapepalawo ndi abodza, ndipo mwana amataya sabata yomaliza kuloweza mayankho a mafunso amene sadzabwera. Akakhala enieni ndiye zoopsa kwambiri: wopezeka nawo amachotsedwa pa mayeso ndipo akhoza kumangidwa. Mu 2020 mayeso a MSCE anathetsedwa ali mkati chifukwa mapepala anabedwa, ndipo dziko lonse linalembanso kumayambiriro kwa 2021, olakwa ndi osalakwa omwe. Mwana wa pasukulu akagwidwa amakhala ndi pobwerera. Wa external amene wagulitsa matumba a mpunga kuti alembetse amakhala wataya mpungawo ndi chaka chomwe.